Tsiku Limene Ndinakoka Marlin ndi Dzanja la Munthu Wina

Sekani, a Zulu, sekani ndithu mpaka mano anu oikirira aja agubuduke pa masitepe pano, koma mukatha kusekako mukhale pansi mutchere khutu, chifukwa nkhani imeneyi inu munaimva kwa anthu amene anaidula mutu ndi mchira, lero muimva kwa mwini wake. Nanunso anyamata inu, tsitsani sofayo, lifiti yafa ndipo lero siidzuka, fulati yatsopano ya Thoko sithawira kwina. Mwandilanda katoni ya mapoto ngati mukulanda mwana mpeni, ati, "Ankolo khalani apa, mungathyole msana." Ine? Benedicto Mbewe? Manja awa mukawaona akunjenjemera mumayesa ndi ukalamba, osadziwa kuti ndi nsomba ija ikukokabe mkatimu. Amene akuti ndi bodza anene pompano ndisanayambe, chifukwa ndikalowa pakati sindiima ngakhale alamu ya moto ilire, Woolwich yense atuluke panja.

Ine kwathu ndi ku Ntchisi, kumapiri, kumene nsomba timakumana nayo itauma kale, ili gone pamsika, maso ali tong'o. Kusambira sindidziwa mpaka lero, ndipo sindichita nazo manyazi. Nditafika kuno kudziko la azungu ndinagwira ntchito yomweyi ukukayamba Lolemba iwe Thoko, ya care: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza, kupukuta. Ndinayambira m'ma care home a ku Ilford, kudumpha mabasi m'mawa ndi madzulo, mpaka ndinapeza ya live-in, yogonera komweko, kwa mkulu wina wa kumtunda kuno kolowera ku Plumstead. Dzina lawo a Frank.

A Frank pa unyamata wawo ankayendetsa kireni padoko la mumtsinje wa Thames uwu, kutsitsa katundu m'sitima zapamadzi. Pachithunzi cha ukwati wawo chimene chinali pakhoma anaima ngati mlambe, mkazi wawo akuwalekeza m'khwapa. Koma ine ndinawapeza sitiroko itawadya kale: mbali yonse ya kumanja yakufa, mwendo wongokwekwereza, dzanja lili lende ngati nsanza yonyowa, ndipo mawu onse amene munthu amatola moyo wake wonse anali atathawa, kutsala "no" ndi "tea" basi. Ndiye "no" ameneyo ankagwira ntchito zonse. Kusamba, no. Mankhwala, no. Mwadzuka bwanji, no. Ma carer amene ananditsogolera anathawa chifukwa cha makapu ouluka. Inenso nditangoyamba ndinalawa supuni pamphumi apa, chipsera chake ndi ichi, a Zulu, yandikirani muone ngati mukufuna. Koma sindinakwiye. Taganizani nokha, munthu amene ankanyamula katundu wa sitima yathunthu ndi zala zokha, lero akunyamulidwa kupita kuchimbudzi ndi mlendo wa ku Ntchisi. Mukanakhala inu simukanaponya kapu?

Masana ndinkawakankha pa wilitcheya kutsikira kumtsinje, tikaime pafupi ndi pokwerera feri, chombo chowolotsa anthu ndi magalimoto, iwo maso pamadzi, ine maso pa iwo. Tinkatha kukhala choncho mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye chaka china nthawi yozizira anangosiya kudya. Phala, no. Supu, no. Ngakhale "tea" uja anasiya kumuitana. Dokotala anabwera, anapima apa ndi apa, nati palibe matenda atsopano, mkuluyu wangotopa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Carol, mayi wamkulu ndithu amene ankagwira ntchito mu ofesi pachipatala cha ku Edmonton, ankabwera Loweruka lililonse n'kumakalirira kukhitchini kuti bambo ake asamuone.

Loweruka lina TV inangosiyidwa ikudzilankhulira, ndipo munali pulogalamu ya asodzi a kunyanja yamchere. Mwadzidzidzi m'madzi munavuuka chinsomba chabuluu cha mlomo wautali wosongoka ngati mkondo, chimene amachitcha marlin, chinaima ndi mchira pamwamba pa madzi n'kudziponyanso. A Frank anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere, mbale n'kudumpha, ndipo pakamwa pawo panatuluka mawu atsopano: "Fish!" Carol anagwira pakamwa. Atapezako mpweya anandifotokozera kuti bambo akewo moyo wawo wonse ankakawedza mu Thames Lamlungu lililonse, kumabwera ndi timikunga ndi tinsomba tosadyeka, uku akulonjeza kuti akadzapuma pantchito adzapita kunyanja yeniyeni kukakumana ndi marlin. Atapuma, mkazi wawo anadwala, iwo n'kukhala womusamalira zaka zambirimbiri. Atamuika m'manda, sitiroko inali ikudikira pakhomo.

Ine ndinati, "Ndiye tiwatengere kumeneko." Carol anandiyang'ana ngati ndapenga. Dokotala atamva anapukusa mutu, nati mtima wa mkuluyu wasanduka nsalu yakale, kuikoka pang'ono ing'ambika. Sindinatsutsane naye, ankanena zoona. Ndinangotenga mbale ya phala, kugwada patsogolo pa wilitcheya, n'kunena kuti, "A Frank, nsomba ija siikokedwa ndi munthu wanjala." Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo lakuthwa lija, kenako anayasamula. Anamaliza mbale yonse. Carol ataona zimenezo anatuluka panja, anazungulirazungulira kagadeni kawo, pobwera anati, "Ben, kufera pampando uwu ndi kufera panyanja, ndikudziwa kumene adadi angasankhe." Ndinamuchenjeza kuti kwathu n'kumapiri, madzi akuya ndimawadziwira m'bafa. Iye anati wodziwa nyanja tikamupeza komweko, chikufunika ndi munthu wodziwa adadi.

Basi tinanyamuka, sitima ya Elizabeth line, ndege, wilitcheya, chikwama cha mankhwala ndi matewera a akuluakulu, mpaka ku zilumba za Cape Verde, kumadzulo kwa Africa. Nditatsika ndege ndinaona amayi atasenza mabeseni pamutu, mbuzi zikutafuna makatoni, chimanga chikuwotchedwa m'mbali mwa msewu, mtima unati ndafika, koma nditapereka moni anandiyankha m'chilankhulo chimene sindinachimvepo chibadwire. Africa ndi wamkulu, anyamata. Ungathe kumununkhiza bwinobwino uli kutali ndi kwanu chimodzimodzi mmene ulili kuno.

Boti linali la Kaputeni Nilton, munthu wamfupi wosalankhulalankhula, ndipo womuthandiza anali mlamu wake, bambo wa imvi. Mkati munali timabedi tosanjikizana ndi kachitofu, chifukwa ulendo wake sunali wopita m'mawa kubwera madzulo. Kumene kumakhala nsomba zikuluzikuluko n'kutali, umagona pamadzi, kudzuka pamadzi, mtunda osauona. Kumbuyo kwa boti kunali mpando wachitsulo wokhomerera pansi, wa malamba, umene msodzi amakhalapo polimbana ndi nsomba.

Tsopano imvani. Titangotuluka padoko nyanja inandigwira m'mimba, ndipo ndinasanza, a Zulu, ndinasanza chakudya cha m'ndege, ndinasanza masangweji onse a ku Ilford, ndinasanza mpunga wa paukwati wanga, mpaka kunatuluka mbatata imene ndinadya ndili sitandade wani, yosasenda, ndinaizindikira chifukwa inali ndi mpata wa mano anga a ubwana, ndipo tinsomba tinatitsatira mzere wautali tikunenepa ine ndikuona, mwakuti takumapeto kwa mzere tinayamba kulephera kusambira. Mukumva? Koma ntchito sindinaisiye. M'mawa uliwonse ndinkawasambitsa a Frank boti likuvina, kuwameta ndevu ndi lezala osawacheka ngakhale pang'ono, ndowa yanga ili pambali. Kudyetsa kokha ndiko kunandikanika, fungo la chakudya linkanditembenuza matumbo, ndiye Carol anatenga supuni. Mayi ameneyu chiyambire matenda aja ankaopa kugwira thupi la bambo ake, ankati akawagwira amamva kuti achepa. Paboti paja analibe kothawira. Poyamba ankadontheza phala pachibwano, kenako anaphunzira kupukuta ndi m'mphepete mwa supuni mmene timachitira ife, ndipo ine ndili chiweramire pa ndowa yanga ndinkati kusanza kwanga kwagwirako ntchito.

Ndiye panabuka vuto. Kaputeni anatiuza lamulo la asodzi a marlin: nsomba ikaluma, ndodo yowedzera agwire munthu mmodzi yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wina akangoikhudza nsombayo si yakenso. Tsono pandodopo pali kagudumu kokulungira chingwe, ndipo chopukusira chake chili kumanja, kumene a Frank kunali kwakufa. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Ndinapempha bandeji, ndinamangirira dzanja lakufa lija pa chopukusiracho, kenako ndinadzipanikiza kumbuyo kwawo pampando paja, miyendo yanga uku ndi uku, mkono wanga wamanzere utazinga chifuwa chawo, dzanja langa lamanja litagwira pamfundo ya dzanja lawo. Ndikayendetsa mkono wawo, chingwe chinkakulungika. Ndodo sindinaikhudze. Kaputeni anazungulira mpandowo, anakanda chibwano, nati, "Dzanja lili pachitsulo ndi la mkuluyu. Wakumbuyoyu ndi mpando chabe." Ine ndinavomera. Ndakhalapo zinthu zambiri m'dziko lino, kukhala mpando sikunandivute.

Masiku anapita, marlin osaluma. Tsiku lina mbedza inakola nsomba yobiriwira ya chipumi chotukuka, yaitali ngati mwendo wangawu, ine n'kulumpha kuti tapata, koma kaputeni anati imeneyo ndi ndiwo chabe, ndipo a Frank sanaicheukire n'komwe. Boti linkangoyenda pang'onopang'ono likukoka nyambo zapulasitiki za michira yamawangamawanga, madzi ali bii kuzungulira konse, popanda mtengo, popanda phiri, popanda pamene diso lingatere. Kumeneko munthu umaganiza, ufune usafune. Ndinkakhala pambali pa a Frank ndikuwapaka mafuta oteteza kudzuwa pa dazi, n'kumakumbukira bambo anga amene anamwalira ku Ntchisi ine ndili pa shifiti ku Ilford. Anawasambitsa ena, anawatembenuza ena, ine ndikutembenuza makolo a eni. Ndinkadzifunsa kuti kodi Mulungu amaziona bwanji zimenezi, kodi madzi amene wasambitsira kholo la mnzako amakafikako kwa kholo lako? Yankho sindinalipeze, ndipo mpaka lero ndilibe, Thoko, usadzandifunse. Ndinangoona kuti a Frank, amene ku Woolwich ankangosinza, kuno maso anali gwa pa nyambo zija kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngati mwana wodikira amayi ake pa siteji ya basi.

Tsiku lobwerera linakwana. Kaputeni anatembenuza boti kuloza kumtunda, Carol anayamba kulongedza, a Frank anati "no" motsitsa kwambiri, ndipo "no" ameneyo anandipweteka kuposa supuni ija. Ndinapempha kuti nyambo zikhalebe m'madzi mpaka tione doko. Chakudza sichiimba ng'oma. Dzuwa lili pamutu, ndodo imene inazikidwa pampando wachitsulo pomwepo inangopindika ngati uta, kagudumu kaja n'kulira kulira kumene sindinakumvepo, kuposa sitima ya DLR pokhota, kuposa nkhumba ya pa Khirisimasi, mwakuti mbalame zimene zinkatitsatira zinagwa m'madzi zitagontha, ndipo ine ndinawanyamula a Frank pa wilitcheya ndi mkono umodzi, kuwakhazika pampando, kumanga malamba, kumanga bandeji, kulowa kumbuyo kwawo, zonsezo kapu imene Carol anaitaya podzidzimuka isanafike pansi. Pali malemu bambo anga, kapuyo ndinaiwakha ndi phazi, tiyi osatayika.

Mukuti chiyani, a Zulu? "Ni boza"? Dikirani, sindinayambe.

Chinatuluka. Unayamba ndi mkondo uja, kutuluka, kutulukabe, kutulukabe ngati mlongoti wa mafoni, kenako mutu, diso lalikulu ngati dishi ya TV, msana wabuluu woyaka mizeremizere ngati magetsi a ambulansi, ndipo pamene mchira unkasiyana ndi madzi mutu unali utaphimba kale dzuwa, mdima n'kugwa masanasana, nkhuku za pazilumba zija n'kukalowa m'khola, ndipo dzenje limene chinasiya m'nyanja linali lalikulu mwakuti madzi a dziko lonse anathamangira kukalikwirira, Thames n'kuphwa, feri ya pa Woolwich pano n'kukhala pamatope ndi magalimoto ake omwe, anthu n'kumatsika kuwoloka wapansi atanyamula nsapato m'manja; mukawafunse mayi a kunyumba kwanga, anachedwa kuntchito tsiku limenelo. Mukumva? Chitagwa, funde lake linatikweza m'mwamba mpaka tinapatsana moni ndi anthu a m'ndege imene inkadutsa.

Ndiye chinayamba kukoka, injini zikulimbana kupita kutsogolo boti likupita cham'mbuyo, madzi akulowa mpaka m'mawondo, kagudumu katafiira psuu mwakuti mlamu wa kaputeni ankathirapo madzi, otsikira pansiwo n'kumatcherezera m'kapu, kuponyamo tibagi, tiyi wapsa. Chinatikokera kummwera, kummwerabe, mpaka wailesi ya m'boti inasiya Chipwitikizi n'kuyamba kulankhula Chichewa, ndinamva ndi makutu angawa mauthenga a maliro, akuti thupi linyamuka mawa kupita ku Dowa. Kenako chinasintha nzeru, chinalowa pansi, pansi, pansi, chingwe chikutha pa kagudumu mpaka kunatsala kokwana kusokera batani, boti linaima mphuno kumwamba ngati bulu wokana ngolo, kaputeni akuyendetsa atalendewera pa chiwongolero ngati mleme, ndipo pamene tinayamba kubweza chingwecho chinkabwera chozizira chili ndi madzi oundana, kenako chotentha chonunkha utsi, kusonyeza kuti nsombayo inakagogoda pakhomo pa Satana n'kubwerera. Ine ndinaponda pachitsulo chopondera mpaka zala zanga zinadindika pamenepo, nsapato ndili nazo kuphazi, ndipo mkono wamanjawu unatamuka, mpaka lero ndimatha kuliza belu la basi ndili pampando wakumbuyo osadzuka. Ndevu zimene ndinawameta a Frank m'mawa zinamera n'kuchita imvi, nsomba isanatope.

Koma zimenezi n'zing'onozing'ono. Chachikulu ndi ichi, ndipo anyamata inu musiye kaye mafoniwo. Mkono wanga wamanzere unali pachifuwa cha a Frank, ndiye mtima wawo ndinkaumva m'chikhatho mwanga ngati kambalame kogwidwa. Unkagunda, kuima, kugundanso mofulumira, kuimanso. Malaya anali atanyoweratu, mpweya ukulira pakhosi. Carol anaona milomo yawo ikuda, anatola mpeni wodulira nyambo, anaima pafupi ndi chingwe, nati, "Ben, ndiuze zoona. Ndidule?" Onse ankadikira ine, munthu wa kumapiri. Ndinadziwa kuti ndikati dula, tibwerera nawo amoyo kukawakhazika pawindo paja kudikira tsiku lawo, ndipo sadzatsegulanso pakamwa pa supuni yanga. Ndikati usadule, mwina ulendowu ndiumaliza nditakumbatira mtembo, ndipo mayi uyu adzandikumbukira moyo wake wonse ngati munthu amene anamuphera bambo. Maphunziro onse a care amene ndinachita, a kanyamulidwe, a first aid, palibe ndi limodzi lomwe limene linanenapo za nsomba.

Ndisanatsegule pakamwa ndinamva kanthu m'dzanja langa lamanja. Dzanja lakufa lija, limene ndinalisambitsa zaka zonsezo lili lende, linafinya chitsulo. Pang'ono chabe, ngati khanda logwira chala cha amake. Apa sindikuwonjezera, a Zulu. Feri ija mukhoza kuibwezera pamadzi ngati yakuvutani, koma ichi musachikhudze. Ndinati, "Carol, bweza mpeniwo. Adadi ako ali pantchito."

Ndipo a Frank anayamba kulankhula. Poyamba zinali zotukwana za padoko zimene sindingazibwereze pamaso pa Thoko, kenako mawu anakhuthuka ngati chimanga m'thumba lobooka, ena opindika, ena oduka pakati, koma mawu ndithu. Ankailankhula nsombayo, kuinyengerera, kuitchula dona, kuiuza kuti akhala akuidikira kuyambira Carol asanabadwe. Carol anangokhala pansi m'madzi aja, foni yake ili m'thumba zojambula ataiwala, kulira ndi kuseka zitasakanikirana. Ife tinkapukusa. Iwo akaweramira kutsogolo ine nawo, akabwerera m'mbuyo ine nawo, kupuma kwawo ndi kwanga n'kukhala kumodzi, mpaka sindinkadziwanso kuti wotopa ndani, wokoka ndani.

Dzuwa litapendeka chinsomba chija chinafika m'mbali mwa boti chitagona cham'mbali, kutalika kwake kupitirira boti kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mlamu wa kaputeni anagwira chingwe cha kumlomo ndi magolovesi, kaputeni n'kufuula kuti yagwidwa, ndi ya a Frank. Ndinamasula malamba, ndinawaimiritsa, inde anaima, ine nditawakumbatira m'chiuno cha kumbuyo, anaweramira kunja n'kusisita mkondo uja ndi dzanja lamanzere. Kaputeni anafunsa ngati tiikweze. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuigawa: mutu kwa abusa, mchira kwa inu a Zulu, pakati pakepo poyanika kutumiza ku Ntchisi kuti mudzi wonse usadzagulenso usipa. Koma a Frank anati, momveka bwino ngati munthu amene sanadwalepo, "Let her go." Aisiye izipita. Mlamu wa kaputeni anachotsa mbedza, anaigwira mlomo boti likuyenda pang'onopang'ono kuti madzi aibwezere mpweya, kenako inagwedeza mchira n'kumira.

Zinandiwawa, osabisa. Kwathu munthu sabwera ku uzimba chimanjamanja n'kumauza ana kuti nyama ndinaisisita. Tili pafupi kufika padoko, ndikuwapukuta mchere kumaso, ndinawafunsa chifukwa chake. Anatulutsa mawu amodziamodzi, ngati munthu wotola mtedza pamchenga: "Yatopa ngati ine, Ben. Koma iyo ikadali ndi kopita."

Tinabwerera ku Woolwich tonse amoyo. Mawu ambiri aja anabwereranso kumene anabisala, koma "no" anachepa, ndipo kapu sinaulukenso. Anadya, ananenepa, anaona chilimwe china chathunthu. Tikatsikira kumtsinje ankaimitsa aliyense, woyenda ndi galu, wothamanga, wapolisi, n'kutambasula dzanja lamanzere kutali uko, ndipo popeza lamanja silinkatambasuka lokha, ine ndinkaligwira n'kulikokera mbali inayo kuti anthu aone kukula kwake. Tsiku lililonse ndinkakokera patali pang'ono, iwo n'kumagwedeza mutu kuti eya, pamenepo. Anamwalira nthawi yozizira yotsatira, pabedi lawo, m'mawa, nditangomaliza kuwameta, Carol atawagwira dzanja.

Mwasiya kuseka, a Zulu. Mukuti kwenikweni inali yaitali bwanji, mmene ndinaionera ine ndi maso angawa? Chabwino, poti mwafunsa ngati munthu wamkulu, ndikuyankhani ngati munthu wamkulu. Ine nsombayo sindinaione. Ee, bwererani kuseka kwanu. Ndikanaiona bwanji, nkhope yanga itakanikizika pakati pa mapewa a mkulu uja kuyambira kuluma mpaka kumira? Chimene ndinaona masana onsewo ndi kolala ya malaya awo ndi thukuta likutsika m'khosi. Ngakhale pamene ankaisisita, ine mutu unali pamsana pawo, ndikuopa kuti ndikasuzumira tigwera tonse m'madzi. Mkondo uja, diso lija, mizere yoyaka ija, anandiuza ndi iwo, akufuula kuti Ben taona, Ben taona, uku akundijambulira ndi pakamwa chiwalo ndi chiwalo. Chimene ndikuchidziwa pandekha ndi kulemera kwake, chifukwa kunadutsa m'nthiti zawo kulowa m'zanga. Ndiye amene akuti yakula mopitirira asalimbane ndi ine. Akwere basi, apite kumanda a ku Plumstead, akatsutsane ndi mwini nsomba. Ine sindichotsapo ngakhale chipsepse.